Chilembo Chimene Chiswe Chinadya

Ine ndinaphunzira kutayipa pa taipilaita yachitsulo, yoti ukaphonya chilembo chala chinkalowa pakati n'kusupuka. Choncho atabweretsa kompyuta ku ofesi yathu ya alimi a nandolo, cha ku Mbulumbuzi, sindinaiope ngakhale pang'ono. Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi kabokosi kotuwa kamene anakaika pambali pake, ka tinyali tofiira kutsogolo, kotchedwa modemu. Kabokosika ndi kamene kankatenga makalata athu a imelo n'kuwadutsitsa pa waya wa foni. Kanali ndi matama. Tsiku limene uli pachangu ndi limene kankayamba kudzimva.

Amene anadzakalumikiza anali bambo wina wa ku Blantyre, wa nsapato zosongoka, amene ankangoyang'ana wotchi yake ngati kwathu kuno kukumuyabwa. Anandiuza kuti mafoni akumudzi kuno ndi achikale, ndiye modemu iyenera kuuzidwa kaimbidwe kake, apo ayi iziimba chitauni ndipo waya wathu suzimva kanthu. Anatsegula windo lakuda pa kompyuta n'kutayipa mizere isanu, uliwonse woyamba ndi zilembo ziwiri, AT. Akamaliza mzere, modemu inkayankha kuti OK. Nditamufunsa tanthauzo lake anangoti, "Mayi, izi musavutike nazo." Anakopera mizereyo pa kapepala, anawonjezapo wina woyesera kuimba, ndi ina iwiri imene yokhayo anandimasulira: ATM0 yotontholetsa modemu, ATM1 yoibwezera mawu, poti abwana athu ankadana ndi phokoso pa nthawi ya msonkhano. Kapepalako anakamata kukhoma, kuseri kwa tebulo, ndipo kwa zaka ziwiri sindinakayang'anenso.

Zilembozo sindinkazidziwa, koma modemu ndinkaidziwa ndi makutu. Ikamaimba bwino inkayamba ndi kugogoda, tiki-tiki-tiki, kupuma, tiki-tiki. Kenako kulira kwa foni ya kutali, kenako likhweru, kenako phokoso ngati la mafuta mu chiwaya cha tchipisi. Ikangoti zii, ndiye kuti talowa. Ndinkatha kudziwa kuti lero sizitheka ndisanayang'ane n'komwe pa kompyuta.

Mwezi wa Okutobala chaka chimene ndikunenachi, mvula ya chizimalupsa inabwera ndi mphenzi imene inapsereza modemu yathu. Abwana anagula ina yofanana ndendende, anaisiya m'katoni pamwamba pa kabati, n'kupita ku msonkhano wa sabata yonse. Wa nsapato zosongoka uja anati abwera akapeza mpata.

Lachiwiri la sabata imeneyo, masana, amayi aakulu anamwalira.

Anali akulu awo a mayi anga ondibereka, ndipo ndi amene anandilera kuyambira ndili sitandade thuu. Nyumba yawo inali kuseri kwa ofesi, kungodutsa kanjira ndi kamunda ka nandolo, moti ankandiitana ali pakhonde ine ndili pa tebulo langa. Mwana wobereka okha anali mmodzi, achimwene anga, amene ankagwira ntchito ku Joni pa nyumba yogona alendo. Anali atatha zaka zinayi osabwera. Ankaimba foni ya ku ofesi Lamlungu lokha, akaweruka ku tchalitchi, pa foni ya m'mbali mwa msewu yolowetsa khadi. Ife sitikanatha kuwaimbira. Foni yathu inali yotsekedwa, sinkatuluka kunja kwa dziko, komanso abwana awo sankalola antchito kuitanidwa pa foni. Chimene anatisiyira ndi adiresi ya imelo ya pantchito pawo, ndipo anati mayi wa pa kauntala amasindikiza kalata ikangofika n'kukampatsa mwini wake.

Lachiwiri lomwelo amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ndi eni mbumba yathu, anatumiza uthenga wa pakamwa. Anauza mayi wina wa geni amene ankapita ku Limbe kuti akauze mlamu wake, amene akaimbire munthu wa kwathu wokhala ku Joni, amene akafunefune achimwene n'kuwauza kuti matenda akula. Kwathu imfa sitimuponyera munthu ali kutali. Timati matenda akula, mwini wake amamva yekha. Koma palibe amene ankakhulupirira kuti uthenga wodutsa pakamwa patatu ungafike sabata isanathe.

Lachitatu m'mawa amalume anandiitanitsa m'nyumba ya siwa, mmene ndinakhala ndi amayi anzanga pafupi ndi thupi. Anati kutentha kwake kumeneku thupi silingapitirire mawa. Njira zinali ziwiri: kuika maliro mawa, kapena kutengera thupi ku mochale ya chipatala cha paboma, kumene kuli kozizira, kuti lidikire mwana. Lole imene inkapakira nandolo ku shedi yathu inavomera kudzera ku boma, koma dalaivala anati twelofu koloko akunyamuka, pakhale thupi pasakhale thupi.

"Ine sindingazunze thupi la chemwali anga pa lole ya nandolo popanda mawu a mwana wawo," anatero amalume. "Tinaona kwa anzathu uko, anadikira sabata yathunthu munthu osabwera, mudzi wonse n'kuwaseka. Akati mundidikire, tidikira. Akakhala chete, mawa tikuika. Iwe si umati makina akowo amafika ku Joni nthawi yomweyo? Tiye."

Tinalowa mu ofesi teni koloko itangokwana. Ndinali ndi mpango kumutu, maso otupa, mapazi afumbi. Amalume anakhala pa benchi ya alimi, chipewa pa bondo. Ndinatsitsa katoni ija, ndinatulutsa modemu yatsopano n'kuilumikiza mmene inalili yakale. Kukhoma kunali bowo limodzi lokha la waya wa foni, ndiye ndinazula foni, ndinaiika pa kabati, n'kulowetsapo waya wa modemu. Ndinkachita zimenezi tsiku lililonse, sindinaganizepo kawiri.

Tinayamba ndi kalata. Amalume ankanena, ine n'kumatayipa. Anayamba ndi moni, anafunsa za moyo, anafunsa za ntchito, anatchula za mvula ija, ndipo pofika pa mawu akuti matenda akula, singano ya wotchi ya pakhoma inali itadutsa kotala pasiti. Ndinkaluma mlomo. Kumapeto ndinawonjezapo mawu anga osawauza: "Tikudikireni kapena ayi? Yankhani pompano."

Nditadina kuti ipite, modemu inangoti kha, n'kusiya. Kompyuta inalemba kuti NO DIALTONE, kunena kuti siikumva kulira kwa waya. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Apa m'pamene ndinakumbukira kapepala kaja. Ndinakoka tebulo, ndipo mtima unangoti phwii. Chiswe chinali chitamanga njira yake ya dothi kuchokera pansi mpaka pa kapepala. Ndinapala dothilo pang'onopang'ono ndi chikhadabo. Mzere woyamba unalipo, AT&F. Wachiwiri, ATX3. Wachitatu, ATS0=1. Wachisanu, AT&W. Koma wachinayi unangotsala AT, ndipo pamene panali chilembo chotsatira panali kabowo. Pepala lonse lija, chiswe chinasankha kudya chilembo chimodzi chokha.

"Kwagwanji?" anafunsa amalume.

"Palibe, amalume. Ndikukonza."

Ndinatsegula windo lakuda lija n'kutayipa mizere inayi imene inalipo. Uliwonse modemu inavomera, OK, OK. Ndinati mwina wachinayiwo unali wongokometsera. Ndinatayipa mzere woyesera uja, ATD ndi nambala ya ku tauni. Ulendo uno inaimba ndithu, koma osati kugogoda kumene ndinkakudziwa. Inaimba kanyimbo, ti-tu-ti-ta-tu, mokweza zedi, poti modemu yatsopano imabwera ndi mawu ake onse. Mawindo anali otsegula chifukwa cha kutentha, ndipo kusiwa amayi a chigwirizano anali atangomaliza nyimbo, asanayambe ina. Kanyimbo kaja kanadutsa kamunda ka nandolo bwinobwino. Ndinaona pa windo azibambo amene anakhala pansi pa mtengo wa mango akutembenuka onse pamodzi.

Amalume anadzuka. "Iwe! Wailesi pamaliro a mayi ako?"

"Si wailesi, amalume, ndi mmene imaimbira foni."

"Anthu akumva foni kapena akumva nyimbo? Wachoka pa mtembo kudzaliza zoimbaimba kuno? Tontholetsa chimenecho."

"Ndikachitontholetsa sindidziwa ngati chikuyenda. Ine ndimamvera m'makutu."

"Ndati tontholetsa. Usandichititse manyazi."

Ndikanakhala munthu wina ndikanangotseka mawindo n'kupitiriza. Koma ndinaleredwa kuti amalume akanena kawiri, kachitatu kulibe. Ndinatayipa ATM0, modemu inati OK, ndipo kuyambira pamenepo ndinali ngati munthu wophika mumdima.

Chimodzi ndinali nditachigwira: kanyimbo kaja ndiye chitauni chimene ankanena bambo uja, ndipo chilembo chodyedwacho chiyenera kuti ndi chimene chinkauza modemu kuti izigogoda. Zilembo zilipo zoyambira A mpaka Z. Ndinaganiza zongoziyesa chimodzichimodzi. Ndikanakhala ndi makutu anga, chilembo chilichonse chikanandidyera kanthawi kochepa: kumva kanyimbo, kudula, kupita kwina. Koma modemu ili duu, ndinkayenera kutayipa chilembo, kuimba, n'kudikira mphindi yathunthu mpaka ilembe NO CARRIER, kunena kuti sinapeze mnzake kutsidya. Ndipo poopa kuti mwina chilembo chinali cholondola koma mawaya a ku tauni ndi amene anadzaza, chilichonse ndinkachiyesa kawiri.

A sanathandize. B anavomera, koma kuimba kwake kunathera pomwe paja. C chimodzimodzi. Thukuta linkatsika m'khosi kulowa mu bulauzi. Kunja ndinkamva matumba a nandolo akugwera mu lole, di, di, ndipo ndinkadziwa kuti shedi yathu si yayikulu.

Nditafika pa E, zinthu zinaipiratu. Modemu inati OK, koma kuchokera pamenepo chilichonse chimene ndinkatayipa sichinkaonekanso pa kompyuta. Zala zikugunda, windo lili bii. Ndinangoti kakasi. Ndinaganiza kuti ndaononga makina a eni ake, pa tsiku la maliro, pamaso pa amalume. Kenako ndinatayipa AT osaona, ndinadina, ndipo OK anatulukira. Inkamva ndithu, kungoti inasiya kundionetsa zolemba zanga. Apa taipilaita yachitsulo ija inandipulumutsa, chifukwa aphunzitsi athu ankatiphimba manja ndi nsalu. Ndinapitiriza osaona.

"Zatheka?" anatero amalume.

"Pang'ono, amalume."

"Pang'ono pang'ono ameneyu wayamba kale. Leveni koloko iyo."

Panali chinthu china chimene chinkachitika, chimene ndinachiona koma sindinachilabadire. Nthawi zina, ndisanatayipe kanthu, kanyali kena kankayaka kokha, kompyuta n'kulemba RING, ndipo modemu inkakana kundimvera kwa kanthawi mpaka italemba NO CARRIER. Ndinkati ikubwereza yokha kuimba kumene ndinaituma, ndipo ndinkaitukwana chamumtima kuti ikundidyera nthawi. Zinachitika kangapo. Ulendo wina ndinamenya tebulo ndi chikhatho, amalume n'kundiyang'ana ndi diso loti pamaliro sitichita zimenezo.

Mayi wina wa kusiwa anabwera pa windo kudzandiuza kuti akufuna kusambitsa thupi ndipo akufunsa nsalu imene amayi ankaikonda. Ndinamuuza kuti ili pansi pa sutikesi, yobiriwira ya maluwa oyera. Ndinanena maso ali pa kompyuta. Atachoka ndi pamene zinandilowa kuti amayi akusambitsidwa komaliza ine ndili pano kulimbana ndi kabokosi, ndipo misozi inagwera pa zilembo mpaka zala zinayamba kuterereka.

Pofika pa K inali hafu leveni. Ndinawerenga zilembo zotsala, ndinayang'ana wotchi, ndinaona kuti sizingatheke. Ukali unandikwera, wa chiswe, wa bambo wa nsapato zosongoka amene anandiona wosayenera kuuzidwa tanthauzo la mizere isanu, wa amalume, wa ine mwini wopusa womvera zilizonse.

"Amalume, ndikuibwezera mawu."

"Ndanena kale."

"Mwanena, ndamva. Koma ikakhala chete chonchi achimwene sadzawaonanso mayi awo. Anthuwo akandinena andinene ine."

Sindinadikire yankho. Ndinatayipa ATM1. Ndinalakwitsa koyamba, ndinabwereza, ndipo inati OK. Amalume anatenga chipewa chawo, ndikuganiza kuti ankafuna kutuluka kuti anthu aone kuti iwo sali nawo. Asanafike pa chitseko, ine ndisanatayipe kena kalikonse, kanyali kaja kanayaka kokha. Kompyuta inalemba RING. Modemu inati kha, n'kuyamba likhweru lake lalitali. Ndipo pansi pa likhwerulo, kuchokera mu kabokosi komweko, tinamva timawu tating'ono ta munthu.

"Halo? Halo? Chonde, ndi ku Mbulumbuzi kumeneko? Halo!"

Chipewa cha amalume chinagwa pansi. "Ameneyo ndi mwana wa chemwali!" Anathamangira pa tebulo n'kuweramira kabokosi kaja. "Tikukumva! Ndi malume ako! Lankhula!"

Modemu ilibe khutu lomvera munthu wa m'chipinda. Inkangowaimbira achimwene likhweru. Pamenepo zonse zinandiwalira nthawi imodzi. Uthenga wa pakamwa uja unali utafika. Achimwene ankaimba foni ya ku ofesi kuyambira m'mawa, foniyo ili pa kabati yozula, ndipo amene ankawayankha ndi modemu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mzere wachitatu uja, umene ndinautayipa ndi manja anga, ndi umene umaiuza kuti iziyankha yokha foni ikangolira kamodzi. Bambo uja anauika kuti kompyuta ya ku likulu izitha kutenga malipoti athu. Ndikanapanda kuitontholetsa ndikanawamva ulendo woyamba womwe.

Ndinagwada pansi pa tebulo, ndinazula waya wa modemu, ndinakoka foni pa kabati mpaka inatsala pang'ono kugwa, ndinalowetsa waya wake, ndinanyamula chomvera. Munali kulira kwa waya wopanda munthu. Pozula paja ndinali nditawadula.

"Ali kuti?" anatero amalume.

"Yaduka."

"Wamudula mwana?"

Ndinabwerera pa kompyuta n'kuwerenga m'mwamba mwa windo lija. RING analipo kasanu ndi kawiri. Kasanu ndi kawiri munthu ataima pa msewu wa dziko la eni, kulowetsa khadi, kumva likhweru, khadi n'kumadyeka. Ndinkadziwa mmene makhadi aja amathera, chifukwa Lamlungu lililonse nkhani yawo ndi amayi inkadukira pakati pa mawu. Ndinalibe njira yodziwira ngati latsala ndi mphamvu yoimbanso kamodzi.

Tinakhala pansi kuyang'ana foni. Sindinayerekeze kubwezeretsa modemu. Kusiwa anayamba nyimbo ina, imene amayi ankaitsogolera okha pa maliro a anzawo. Matumba anasiya kugwa. Kotala thu twelofu lole inaliza hutala, kenako dalaivala anafika pakhomo, atavula kapusi mwaulemu.

"Pepani bambo, ine katundu ndamaliza. Malo ndasiya kumbuyo, ndayala tenti. Koma ogula ku Limbe sadikira munthu."

"Tamva, bambo. Nthawi yanu ikakwana muzipita."

Ndinapemphera pemphero lopanda mutu, longoti chonde, chonde. Ndinanyamula chomvera kuti ndione ngati waya uli bwino, ndinachibwezera msanga poopa kuti mwina nthawi yomweyo ndi imene akuimba. Singano inafika pa faifi thu. Amalume anatola chipewa chawo, anachipukuta fumbi ndi chigongono, n'kunena motsitsa kuti, "Basi. Tayesa. Ndikauze adzukulu akonzeke zokumba mawa m'mawa."

Foni inalira.

Amalume anali pafupi, ndiponso ndi akulu, ndiye ananyamula ndi iwo. Anaimirira mowongoka ngati akulankhula pa bwalo.

"Ee, halo. Ndi malume ako kuno. Mwadzuka bwanji kumeneko? Ife tadzuka, kaya inu. Ntchito ikuyenda?"

Ndinali pafupi moti ndinkamva timawu ta achimwene tikutuluka m'chomvera: "Amalume, khadi likutha, amayi ali bwanji? Khadi likutha!"

"Ayi, kuno kuli bwino ndithu, kungoti matenda aja, monga unamvera, akulako pang'ono. Ndiye ife tinakhala pansi ndi akuluakulu, tinati..."

Sindinawaimbe mlandu amalume, ngakhale lero. Ankachita zimene anaphunzitsidwa, kumufikitsa munthu pang'onopang'ono kuti asagwe. Koma ine ndinkaona khadi likutha ngati ndaima nawo pa msewu paja. Ndinachita chinthu chimene sindinachitepo chibadwire: ndinalanda chomvera m'manja mwa amalume.

"Achimwene, ndine. Amayi atisiya dzulo masana. Tikudikireni kapena tiike mawa? Yankhani msanga."

Ndinamva mpweya wawo. Ndinamva galimoto zikudutsa kumbuyo kwawo, ndi munthu wina akufuula chilankhulo chakumeneko. Anakoka mpweya kawiri, ngati munthu amene akufuna kunena. Kenako kunamveka kaphokoso kakafupi, ndipo waya unayamba kulira wopanda munthu.

Sananene kanthu. Ngakhale liwu limodzi.

Amalume anali ataima pamaso panga, dzanja lawo likadali m'mwamba mmene ndinalisiyira. Dalaivala anali pakhomo. Ndinasiya chomvera pa khutu, waya ukungolira, n'kugwedeza mutu ngati ndikumvetsera. Kenako ndinati, "Chabwino achimwene, tamva." Ndinaika chomvera pansi bwinobwino.

"Wati chiyani?" anafunsa amalume.

"Akuti muwadikire. Akwera basi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti ayamba za kulanda foni kuja, kapena za mawu amene ndinamuponyera mwana wa eni ngati mwala. Anangovala chipewa n'kuuza dalaivala kuti abweze lole kufupi ndi nyumba.

Masiku atatu otsatira sindinadye zolowa m'thupi. Ndinali nditanamiza eni mbumba pa nkhani ya maliro. Anthu anapitiriza kugona pasiwa, ufa unkatha, achibale a ku Likoswe anayamba kufunsa kuti kodi mwanayo wafika pati, ndipo aliyense ankafunsa ine, poti ndine ndinamva mawu ake. Ndinkayankha kuti ali m'njira. Sindinkadziwa ngati abwana awo awalola, ngati mapepala awo oyendera ali bwino, ngakhale ngati anamva funso langa lonse foni isanaduke. Lachinayi ndinazemba n'kupita ku ofesi, ndinatseka mawindo, ndinalumikiza modemu mawu ake ali otsegula. L, kanyimbo. M ndinkamudziwa kale. N, kanyimbo, O chimodzimodzi. Nditatayipa ATP n'kuimba, inayamba tiki-tiki-tiki. Sizinanditengere ngakhale mphindi zisanu. Kalata ya amalume ija inapita ndi moni wake wonse, ndipo yankho silinabwere. Ndinazula modemu msanga n'kubwezeretsa foni, ndinakhala pambali pake mpaka dzuwa kupendeka, koma sinalire.

Lachisanu amalume anandipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka mbale. Anandifunsa kuti, "Anati akwera basi ya tsiku liti?"

"Sanatchule tsiku, amalume."

"Hmm," anatero, n'kuchoka.

Loweruka masana ndili kusiwa ndinamva kulira kwayambiranso panja, kwamphamvu, kwa anthu amene aona mlendo. Ndinatuluka. Achimwene ankabwera ndi kanjira ka m'munda wa nandolo, kachikwama kamodzi paphewa, ataonda, ndevu zosameta, malaya a kuntchito akadali m'thupi. Ndinangokhala pansi pakhonde pomwepo.

Thupi tinakalitenga Lamlungu m'mawa. Atatsegula bokosi m'nyumba, achimwene anagwada, anayang'ana nkhope ya mayi awo nthawi yaitali, anawakonza mpango umene unapendekeka pachipumi, nsalu yobiriwira ija ili pachifuwa. Palibe amene anawafulumizitsa.

Titabwera ku manda, anthu atasamba m'manja n'kuyamba kubalalika, tinakhala pakhonde atatu, amalume, achimwene ndi ine. Amalume anayamba kufotokoza za Lachitatu lija, za kabokosi kolankhula, za lole imene inali italiza kale hutala.

"Unachita bwino kuyankha msanga," anatero. "Ine ndinali nditanyamuka kukauza adzukulu. Ukanapanda kumuuza mlongo wakoyu kuti tikudikire, ukanapeza mtumbira."

Achimwene anatembenuka kundiyang'ana. Ine maso anali pansi, pa zala zanga. Ndinkamva kuti akundiyang'anabe, ndipo ndinkadziwa kuti akukumbukira bwinobwino zimene ananena ndi zimene sananene pa msewu paja.

"Inde, amalume," anatero. "Ndinati mundidikire."